Usanalembe code, kakhale pa benchi

Mphwanga,

Kapepala kotsatsa ntchito zako kamene unanditumizira pa WhatsApp ndakawerenga kangapo. Kakonzedwa bwino, mitundu yake yagwirizana, nambala ya foni ikuonekera patali. Koma nditawerenga zimene walemba kuti umachita, ndapeza zinthu 11, monga mawebusaiti, ma app a pa foni, ma logo, kukonza makompyuta, kuika makamera a CCTV, kulumikiza netiweki ya mu ofesi, kuyendetsera anthu masamba a Facebook, mpaka kuphunzitsa ana kompyuta pa holide. Pansi pa zonsezo wawonjezeranso kuti "ndi zina zambiri". Mtima unandiwawa, chifukwa kapepala kotere nanenso ndinasindikizapo, ndipo ndikudziwa kumene kanandifikitsa.

Wandifunsa mafunso awiri. Loyamba, makasitomala uwapeza kuti. Lachiwiri, uzame pa chiyani pakati pa Flutter, React ndi Laravel. Ine ndikuona kuti funso ndi limodzi, ndipo yankho lake mu laputopu mwakomo mulibe.

Nditasiya ntchito yolembedwa, zaka ziwiri zoyamba ndinali munthu wovomera chilichonse. Lolemba webusaiti ya loji ya kunyanja, Lachiwiri printer yafa ku ofesi ya loya, Lachitatu wina akufuna app ya makabaza koma ndalama alibe, akuti tidzagawana phindu ikadzayamba kuyenda. Ntchito iliyonse ndinkayambira pansi. Zimene ndaphunzira dzulo sizinkandithandiza lero, ndipo zimene ndalemba mwezi uno sindikanazigulitsanso kwa munthu wina mwezi wamawa. Ndinkatopa ngati munthu wa ntchito zambiri, koma lendi inkandipeza ndilibe kanthu. Anthu ankanditchula kuti mnyamata wa makompyuta uja. Munthu wa dzina limenelo mtengo amamudulira ndi kasitomala, chifukwa anyamata ndi atsikana a makompyuta ali mbwee, ndipo chaka chilichonse MUBAS, UNIMA, MUST ndi Mzuni amatulutsa ena, anjala kuposa iwe, okonzeka kugwira ntchito yomweyo pa theka la mtengo wako. Paja akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Zinthu zinatembenuka mu September wina, sabata yotsegulira sukulu. Anandiitana pa sekondale ina ya pulaiveti kunja kwa tauni kuti ndikakonze printer ya mu ofesi ya a bursar. Ndinafika cha m'ma 8 koloko, koma a bursar analibe mpata wondilankhula. Anangondilozera benchi la pakhonde kuti ndiyambe ndakhala. Ndinakhala pamenepo mpaka dzuwa paliwombo, pakati pa makolo odzalipira fizi, ndipo zenera la ofesiyo linali lotsegula moti ndinkaona zonse za m'katimo.

Pa tebulo panali buku lalikulu lachikuto cholimba, lodzaza mayina a ana kalasi ndi kalasi. Pambali pake panali msomali wokhomedwa pa kathabwa, pamene ankabayapo masilipi a ku banki. Panalinso kafoni ka mabatani kamene kankangolira ndi mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba. Mayi wina wa chitenje chobiriwira, khanda kumbuyo, ananena kuti fizi ya mtsikana wake wa Fomu 3 inaperekedwa kale, anatumiza ndi amalume ake a mwanayo amene ali ku Joni, kudzera mwa munthu wina wa ku Limbe. A bursar anatenga kafoni kaja n'kuyamba kutsika uthenga umodziumodzi. Ndalama yofanana ndi imeneyo inalowadi, koma dzina la pa uthengawo silinali la mwana, la mayi kapena la malume. Anafufuza pafupifupi theka la ola, mzere ukunka nukula, mtsikanayo ali chiimire panja ndi sutikesi yake, wosaloledwa kulowa ku hostel. Pomaliza mayi uja anadzakhala pambali panga n'kuyamba kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

Madzulo, printer itayamba kugwira, ndinawafunsa a bursar kuti zotere zimachitika kangati. Anandiyang'ana ndi maso ofiira, nati teremu iliyonse sabata ziwiri zoyamba tulo sakhala nato, amanyamula buku ndi masilipi kukafananiza kunyumba usiku. Ndinawapempha kuti ndibwerenso mawa lake kudzangokhala nawo, popanda malipiro. Ndinakhala masiku anayi. M'masiku amenewo ndinadziwa kuti makolo ambiri salipira kamodzi, amapereka pang'onopang'ono monga zapezekera. Ndinadziwa kuti pali ana olipiriridwa ndi mpingo kapena bungwe, amene ndalama zawo zimabwera pamodzi ndiponso mochedwa, kuti ana a aphunzitsi amachotseredwako, kuti ngongole ya teremu yatha imawolokera ku teremu ino. Ndinadziwanso kuti mwini sukulu amaimba foni madzulo aliwonse ndi funso lomwelomwelo: lero zalowa zingati, nanga kunja kwatsala zingati?

Pulogalamu imene ndinalemba pambuyo pake inali yaing'ono. Mwana aliyense anapatsidwa nambala yake yoti aliyense womulipirira azitchula. A bursar akalowetsa malipiro, risiti inkatuluka pomwepo, kholo n'kulandira SMS ya m'Chichewa yonena zimene zalowa ndi zimene zatsala. Inkagwira ngakhale intaneti itadula, chifukwa pamalopo netiweki inkabwera n'kumapita. Mwini sukulu ankalandira yankho la funso lake lija 5 koloko iliyonse asanaimbe. Mnzanga wa ku koleji ataona code yake anati palibe chodabwitsa, ndipo ananena zoona. Koma teremu yotsatira a bursar anagona, ndipo iwo anali ndi anzawo. Osunga ndalama za masukulu amadziwana, eni masukulu amakumana pa misonkhano yawo, pa maukwati ndi pa maliro. Chaka chisanathe foni yanga inayamba kulira ndi funso latsopano: "Kodi ndinu aja a pulogalamu ya fizi?" Kuyambira pamenepo mtengo ndinayamba kudula ndine.

Ndiye ukandifunsa za Flutter ndi React, ndikuyankha kuti zimenezo ndi zida, ndipo zida zimasintha. Laravel inabwera mu 2011, React mu 2013, Flutter inakhazikika kumapeto kwa 2018, ndipo pofika pamene ana ako adzayambe sukulu kudzakhala kutabwera zina. Pita ku Mchesi ukaone amisiri a matabwa. Palibe amene amadziwika ndi mtundu wa sowo yake. Anthu amati uja wa zitseko, uja wa masofa, uja wa mabedi osagwedera. Sankha chida chimodzi, uchidziwe mpaka pansi, makamaka chimene anzako ambiri kuno amachidziwanso, kuti tsiku limene wadwala malungo wina athe kukugwirira. Koma chosankha chenicheni ndi anthu. Ufunika gulu la anthu amene vuto lawo ulidziwe kuposa wolemba mapulogalamu wina aliyense, mpaka uzilankhula chilankhulo chawo. Umenewo ndiye munda wako.

Minda ilipo, ndipo yambiri sinalimidwe n'komwe. Ku zaumoyo, Unduna umasonkhanitsa ziwerengero za zipatala kudzera mu DHIS2, pulogalamu yochokera ku University of Oslo imene mayiko ambiri a mu Africa amagwiritsanso ntchito. Code yake ndi yotseguka, aliyense akhoza kuitsitsa n'kuiphunzira, chimodzimodzinso OpenMRS. Dziko lino lili ndi mbiri yake pa nkhaniyi, poti a Baobab Health anayamba kuika makompyuta ogwira pa sikirini m'zipatala zathu kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, ndipo anthu ambiri aluso amene ndimawadziwa anaphukira m'ntchito zamtundu umenewo. Kuli mabungwe ochita kafukufuku m'midzi, amene mafomu awo amayenda pa ODK, KoboToolbox kapena CommCare, ndipo nthawi zonse amasowa munthu woti awakonzere fomu yosasokoneza wofunsa mafunso ali pansi pa mtengo, kenako n'kuwasandutsira ziwerengerozo kukhala lipoti lomveka. Kuli ma SACCO, mabungwe obwereketsa ndalama ndi magulu a banki m'khonde, kumene kuwerengera chiwongoladzanja ndi kutsata obweza mochedwa kumadya anthu mutu. Kuli magulu a alimi a mkaka amene amalemba malita a mlimi aliyense m'mawa ndi madzulo, kenako kumapeto kwa mwezi n'kukangana pa kope lonyowa.

Palinso luso limodzi limene limalowa m'minda yonseyi, lolumikiza pulogalamu ndi ndalama za pa foni. Mmalawi wamba sagula ndi khadi ya ku banki. Amabaya *211# kapena *444#, wina *626#, nthawi zambiri pa kafoni ka mabatani. Munthu wodziwa kumanga USSD ndi SMS, wodziwa kugwira ndi makampani ngati Africa's Talking kapena PayChangu, wodziwa chochita ndalama ikachoka kwa wolipira koma uthenga wotsimikiza osafika, ameneyo sakhala nthawi yaitali manja ali lende. Anzako ambiri amathamangira ma app okongola ofuna foni yodula ndi bandulo yaikulu, kuiwala kuti agogo ako amene amagula feteleza ndi kulipira fizi ali ndi foni yotani.

Posankha, yambira pamene uli kale ndi khomo lolowera. Mwana wa namwino amadziwa fungo la chipatala ndi mawu a m'menemo, mwana wa mlimi wa fodya amadziwa chimene chimachitika belo likabwezedwa ku okushoni. Chidziwitso chimenecho mnzako wa ku Bangalore sangachipeze pa YouTube. Kenako dzifunse mosanyengerera ngati anthuwo ali ndi ndalama yolipira, komanso ngati vuto lawo likuwatayitsa ndalama kapena tulo. Munthu amalipira msanga chinthu chimene chikumupweteka lero. Chinthu chimene angoti "zingakhale bwino titakhala nacho" amachiyamikira, n'kukulonjeza kuti akuimbira, osaimba. Uonenso ngati vutolo limabwerera. Webusaiti ya loji umapanga kamodzi, mwiniwake n'kukuiwala zaka zitatu. Fizi imabwera katatu pa chaka, malipiro a antchito mwezi ndi mwezi, mankhwala a mu famasi amalowa ndi kutuluka tsiku lililonse. Ndipo usadzinamize: ngati nkhani za anthu amenewo zimakutopetsa kumva, usalowemo, chifukwa udzakhala ukuzimva zaka zisanu kapena khumi.

Pano ndikuchenjeze. Munda umodzi sindiye kuti kasitomala mmodzi. Mu January 2025 boma la America litaimitsa thandizo lodzera ku USAID, ntchito zambiri za mabungwe kuno zinaima mwadzidzidzi. Ndili ndi anzanga aluso kwambiri amene chakudya chawo chonse chinkachokera ku bungwe limodzi, ndipo mwezi umodzi wokha unawasandutsa anthu ofunafuna ganyu. Amene anapulumuka ndi aja amene luso lomwelo ankaligulitsanso kwa zipatala za pulaiveti, za mishoni, kapena kwa anthu a kunja. Ine lamulo langa ndi loti kasitomala mmodzi asamandipatse zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene ndimapeza pa chaka. Akayamba kupitirira, ndimadziwa kuti ndalembedwanso ntchito, koma yopanda penshoni ndi notisi.

Tsono makasitomala amapezeka bwanji? Ukasankha anthu ako, funsoli limafupika lokha, chifukwa umadziwa kumene amakhala. Pita kumeneko ndi miyendo yako. Usatumize imelo yaitali ya Chingerezi yodzaza mawu akuluakulu, palibe amene amaiwerenga. Pempha mphindi khumi, ufike pa nthawi, uvale mwaulemu, ulonjere monga unaleredwera. Usayambe ndi kunena zimene umatha. Funsa kuti, "Bambo, mwezi ukamatha chimakuvutani kwambiri n'chiyani?" kenako utseke pakamwa. Ukabweranso kachiwiri, bwera ndi kanthu kogwira ntchito, ngakhale kakang'ono, kokhala ndi mayina ndi mitengo yofanana ndi yawo, uwapatse foni m'manja adzibayire okha. Mawu ngati database, cloud ndi API uwasiye pakhomo. Mwini famasi akufuna kumva kuti adzadziwa mankhwala amene atsala miyezi iwiri kuti athe mphamvu asanawataye. Zina zonsezo ndi za iwe ndi laputopu yako.

Uzindikirenso kuti amene amasaina cheke si amene adzagwiritse ntchito pulogalamuyo. Bwana akhoza kuikonda, koma kalaliki wa pa kauntala akaida, ifa. Ena amaopa kuti kompyuta iwalanda ntchito, ena amachita manyazi kuti sadziwa kutayipa, ndipo pali ena amene safuna kuti ziwerengero zioneke poyera pa zifukwa zawo. Khala nawo pansi, uwaphunzitse modekha, kawiri katatu, osawachititsa manyazi pamaso pa anzawo. Kasitomala wanga wachiwiri ndi wachitatu sanabwere kudzera mwa mwini sukulu. Anabwera kudzera mwa a bursar aja.

Ntchito ikatha bwino, usachite manyazi kupempha. Nena kuti, "Ngati mwakhutira, kodi pali anzanu awiri amene mungandilumikize nawo?" Pempha kuti akuimbirire okha foni uli pomwepo, kapena akulembere mizere itatu yoti uzionetsa ena. Kuno kwathu munthu amakhulupirira mawu a mlamu wake kuposa chikwangwani chilichonse. Anzako a ntchito yomweyi nawonso usawaone ngati adani. Pita ku mHub ku Lilongwe, ku Mzuzu E-Hub, ku misonkhano ya ICTAM, udziwane ndi anthu. Kumeneko makasitomala sachuluka, koma kuli anthu amene ntchito ikawachulukira, kapena ikabwera yosakhala ya m'munda mwawo, amafuna woti amuponyere. Amaponyera munthu amene akudziwika ndi chinthu chimodzi. Ine ndikamva za ntchito ya DHIS2 ndimadziwa woti ndimuimbire. Mnyamata wa zinthu 11 sabwera m'mutu mwanga, ngakhale ndimukonde chotani.

Za mapepala usazengereze. Lembetsa dzina la bizinesi, tenga TPIN ku MRA, tsegula akaunti ya ku banki ya bizinesiyo, phunzira kulemba kotesheni ndi invoisi yooneka bwino. Makampani ndi mabungwe sangakulipire pa nambala yako ya foni, ndipo akamakulipira amayamba adula msonkho, choncho uzitenga chikalata chosonyeza zimene adulazo n'kuchisunga. Ndinatayapo ntchito yabwino chifukwa anandipempha mapepala Lachinayi kuti afike Lolemba, ine ndilibe ngakhale limodzi.

Ndikudziwa kuti maso ako ali pa madola, ndipo sindikukuletsa. Upwork ndi Fiverr ndi misika yeniyeni, anthu akudyerapo. Koma ulowe ukudziwa kuti Fiverr imadula 20 peresenti pa ndalama iliyonse imene wapeza, ndipo pa Upwork ngakhale kufunsira ntchito kumadya ndalama. Ukalemba kuti umapanga mawebusaiti, uli pa mzere umodzi ndi anthu miyandamiyanda a ku India, Pakistan, Nigeria ndi Philippines, ambiri a iwo ali ndi nyenyezi za makasitomala mazana. Kumeneko munda wako ndi wofunika koposa kuno. Amene walemba kuti amakonza mafomu a KoboToolbox, kapena amalumikiza mashopu a pa intaneti ndi ndalama za pa foni za mu Africa, akupikisana ndi anthu owerengeka. Tili ndi mwayi wina umene ambiri sauona: nthawi yathu ndi imodzi ndi ya Johannesburg, ndipo London imatsalira ndi ola limodzi kapena awiri okha, moti ungagwire ndi anthu a kumeneko masana, osati pakati pa usiku. Njira ina yochedwa koma yolimba ndi kuthandiza pa mapulogalamu otseguka pa GitHub. Ukakonza vuto limodzi lenileni mu OpenMRS, dzina lako limakhala pamenepo, ndipo anthu olemba ntchito m'gawo limenelo amaona.

Usanavomere ntchito ya kunja, yamba watsimikiza njira imene ndalamayo idzafikire m'manja mwako, uyese ndi ndalama yochepa, udziwe zimene zimadulidwa panjira. Ndipo kasitomala wa kunja samva zoti magetsi anathima. Ukukumbukira 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January, mmene tinakhalira mu mdima miyezi yambirimbiri. Chaka chimenecho ndinaona anthu akutaya makasitomala amene anawasaka zaka. Ndalama yako yoyamba yooneka isapite ku foni yatsopano. Gula batire, inveta ndi sola yoti ikhoza kuyendetsa laputopu ndi rauta tsiku lonse, ukhalenso ndi simu za makampani a foni onse awiri.

Tsopano za mtengo, pamene ambiri timagwera. Usayambe ntchito popanda dipoziti. Ine ndimatenga theka poyamba, gawo lina ndikaonetsa ntchito ikuyenda, lotsala tsiku lopereka. Munthu wokana dipoziti wakuuziratu mmene adzachitire pamapeto. Ndinagwirapo miyezi inayi kwa bambo wina wa bizinesi yooneka yaikulu, wolankhula mokoma, wonditcha mwana wake. Ndinamupatsa zonse, pasiwedi ndi code yomwe, ndisanalandire kalikonse. Lero ndi lero pulogalamuyo ikugwira ntchito mu ofesi mwake, ine ndinangotsala ndi mauthenga akuti "tikuonani sabata yamawa". Chinandipweteka kwambiri si ndalamayo ayi, koma kuti mwezi umenewo ndinalephera kutumiza ya mankhwala a amayi.

Lembani pangano, ngakhale la tsamba limodzi. Linene zimene udzapange, zimene sudzapanga, tsiku lomaliza, kangati kasitomala angasinthe maganizo popanda kuwonjezera ndalama, ndiponso mwini code ndani. Mawu akuti "tangowonjezerani kabatani kamodzi" amadya masabata. Ukawamva, usakwiye ndipo usakane. Nena mwaulemu kuti n'zotheka, ndipo uwatumizira mtengo wake madzulo.

Uikenso m'panganomo za kugwa kwa kwacha. Seva, dzina la webusaiti ndi zida zambiri timalipira m'madola. Mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi. Amene tinali titalonjeza mtengo umodzi wa chaka chonse tinayamba kulipirira makasitomala athu seva kuchokera m'thumba mwathu. Kuyambira pamenepo kotesheni yanga imakhala ya masiku 14 okha, ndipo zonse zolipira kunja ndimazilemba padera, kuti zizitsata mtengo wa dola wa tsiku lolipira.

Chimene chinandichotsa pa moyo wa ganyu kwenikweni ndi ndalama ya kasamalidwe. Sindigulitsanso pulogalamu kamodzi n'kutsanzika. Sukulu iliyonse imalipira kandalama teremu ndi teremu, ine n'kumaonetsetsa kuti zonse zikuyenda, zosungidwa zili bwino, ndipo foni yanga imayankhidwa sabata yotsegulira. Kandalamako pakokha n'kochepa, koma masukulu akachuluka, lendi ndi chakudya zimakhala zitapezeka mwezi usanayambe, ndipo munthu wokhuta amatha kukana ntchito yoipa. Za achibale ndi a kumpingo ofuna zaulere, sankha wekha ntchito imodzi pa chaka yoti uthandize ndi mtima wonse, unene poyera kuti imeneyi ndi mphatso. Ena onse uwapatse kotesheni, ngakhale yotsitsa. Ukapanda kutero udzayamba kudana ndi anthu amene umawakonda.

Pali chinthu china chimene sindifuna uchitenge mopepuka. Anthu akakupatsa ntchito, amakupatsanso zinsinsi zawo: mayina a ana, manambala a makolo, amene ali ndi ngongole, amene akumwa mankhwala anji. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zimenezi, Data Protection Act ya 2024, koma ngakhale likanapanda kukhalapo, ulemu wako uli pamenepo. Usaonetse kasitomala watsopano pulogalamu yokhala ndi mayina enieni a kasitomala wakale. Usakambe pa bawo kapena pa mowa kuti sukulu yakuti ili pa mavuto a ndalama. Ndipo backup uziyesa ngati ikubwereradi. Tsiku lina kompyuta ya pa sukulu ina inapsa ndi mphenzi, ine n'kupeza kuti zosunga zanga zinasiya kugwira milungu itatu m'mbuyomo osadziwa. Tinakhala ndi a bursar a kumeneko mausiku atatu kulowetsanso malipiro kuchokera pa mabuku a marisiti. Sanandithamangitse, chifukwa ndinawauza zoona tsiku lomwelo ndipo sindinachoke mpaka tambala yomaliza itagwirizana. Koma nkhope yawo m'mawa umene uja sindidzaiwala.

Unanenanso kuti ukuopa kuti ChatGPT ndi zinzake zitilanda ntchito. Kuyambira pamene inatuluka mu November 2022, kulemba code wamba kwatsika mtengo, zimenezo n'zoona, ndipo webusaiti ya masamba asanu imene tinkadyera kale lero mwana wa Fomu 4 akhoza kuitulutsa madzulo amodzi. Zida zimenezi uzigwiritse ntchito, nanenso ndimatero, koma uziwerenga mzere uliwonse usanaupereke kwa munthu. Zimene zidazi sizinaone ndi msomali wa masilipi uja, ndi ndalama ya malume a ku Joni yobwera m'dzina la munthu wa ku Limbe. Woziuza zoti zilembe ayenera kukhala munthu amene anakhalapo pa benchi paja.

Kapepala kako kaja usakasindikize kaye. Azakhali athu a ku Kasungu ali ndi famasi zaka zonsezi, ndipo Khirisimasi yapitayi unawamva wekha akudandaula kuti anataya makatoni awiri a mankhwala otha mphamvu, komanso kuti sadziwa ngati mtsikana wa pa kauntala amalemba zonse zimene wagulitsa. Iwo ali m'gulu la WhatsApp la eni mafamasi anzawo, ndipo amadziwana ndi ogulitsa mankhwala a pikulitsa a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ndawaimbira kale. Akuti ufike Lolemba cha m'ma 7 koloko asanatsegule, ukhale nawo sabata yonse, ugona kuchipinda kwa anyamata. Uone mmene katundu amalandiridwira, mmene amalembera pa khadi la pa shelefu, amene amatenga pa ngongole, ndi zimene amachita madzulo potseka. Ya basi ndikutumizira Loweruka pa Mpamba. Tenga kope ndi bolopeni, laputopu udzaitsegule ukabwerako.